Ulendo Wokatseka Umene Unathera pa Msika

Tinanyamuka ku Mwase m'mamawa, ine ndi mkazi wanga Esitele, amake Yosefe. Anali atapitirira zaka makumi anayi, ndipo pobereka mwana wathu wachisanu ndi chinayi anataya magazi mpaka kukomoka. Anamwino a kwathu anatiuza mosabisa kuti mimba ina idzamupha. Tinapemphera, n'kugwirizana kuti akatseke kubereka ku chipatala cha ku boma.

Pamsewu tinapeza lole ya fodya, kwacha imodzi munthu mmodzi. Dalaiva ataona Baibulo m'thumba langa anati, "Abusa, kwelani ulele, mutipemphelele matayala." Sindine m'busa, koma matayalawo analidi ofunika pemphero.

Dzuwa litakwera, anyamata a chipani anatiimitsa pamlatho kufuna makhadi. Podikira, mayi wina wobereka mwana anatipatsa moni wa Chitumbuka wakuti "Mwawuka uli?" n'kugawira Esitele chitumbuwa. Atamva chimene tinkapitira ku chipatala anaseka.

"Ine azamba ananimanga chingwe cha mankhwala m'chiuno," anatero.

"Chinathandiza?" anafunsa Esitele.

"Funsani uyu ali kumsana."

Tinafika pa boma cha m'ma teni. Potsika, Esitele anati tiyambe tadzera kwa achimwene ake, a Gelesomu, amene ankagulitsa tinsomba touma ta kapenta pa msika wa Lundazi. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mkazi. Tonse tinaona kuti kuwadziwitsa ndi ulemu chabe.

A Gelesomu anatigulira tiyi wopanda shuga, poti shuga anali atasowa m'sitolo zonse. Anamvetsera uku akupima kapenta m'kambale.

"Alamu, mwabwela kudzanifunsa kapena kudzaniuza?"

"Kudzakudziwitsani, alamu."

"Imwe ndimwe mkamwini. Mbumba ni yanga. Amama anabala khumi na awili, anafa na ukalamba."

"Achimwene," anatero Esitele motsitsa mawu, "magazi aja anali anga."

"Katseke. Koma ukatseka, iwe na ana ako simunidziwa, na munda uja muusiye."

Masana tinalowa m'chipatala. Namwino anatifotokozera njira zitatu zolera: mapiritsi, lupu ndi kutseka. Malupu anali atatha. Za kutseka anafunsa ine ngati mwamuna, ndipo ndinavomera. Esitele anatembenukira kwa namwinoyo.

"Nipatseni mapilisi," anatero.

"Amayi, mapilisi amasowa monga sopo. Mwaganiza bwino?"

"Naganiza."

Anamupatsa a miyezi itatu.

Pobwerera tinakwera lole yomweyo, ili yopanda katundu, ikutigwedeza ngati mtedza m'lichero. Tinadya chinangwa chowotcha. Tili pafupi kufika, Esitele anandigwira bondo.

"Musakwiye, atate ake Yosefe. Nikamwalila, ana adzawasunga ni achimwene. Siningawakanile."

Mapiritsi anatha, ndipo maulendo awiri otsatira tinabwerako chimanjamanja. Chaka chotsatira, chimanga chili m'nkhokwe, tinamuika Esitele pamodzi ndi khanda.

Mulungu ndiye woweruza, ine ayi. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pa msika paja tonse atatu tinkakamba za mbumba, ndipo mmodzi yekha ndi amene ankaika moyo wake. A Gelesomu analira kwambiri pamaliro, m'mawa mwake n'kubwerera ku kapenta wawo. Ana onse ndinawasunga ndine.