Matayala a Mano pa Maliro a Mkamwini Wanga

Ife a ku Kanyama mvula timaidziwira kumapazi. Pansi pathu pano ndi mwala, madzi salowa. Akagwa amangokhala, kudikira anzawo. Ikakhazikika mvula msewu wa kwathu umasanduka dambo, minibasi imakutsitsira ku msewu wa tala, kotsalako uzionera wekha, nsapato m'manja.

N'chifukwa chake mwana wanga wamwamuna, uja wowotcherera mageti, atagula vaneti yakale mtima wake wonse unapita pamenepo. Ankaikonzera pabwalo panga, pafupi ndi tebulo langa la tomato, moti zonse ndinkaziona ndi kuzimva. Anaipala dzimbiri, n'kuipaka penti yobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi. Kumbuyo anawotcherera zitsulo zogwirira. Kenaka inafika nkhani ya matayala.

Anabwera ndi bambo wina womata matayala pamsika, atakweza pa wilibala matayala a salaula, ogwirapo kale ntchito, oti asankhepo. Panali osalala a m'tauni. Panali apakatikati, oti tala ayenda, fumbi ayenda. Ndiye panali ena aakulu, a mano otalikirana, oti chala changa chinkalowa chonse pakati pa dzino ndi dzino. Mwana wanga maso anali pa a manowo basi.

"Aya ndiye ya Kanyama aya," anatero akuwasisita.

Womata matayala uja anapukusa mutu. "Mdala, tenga yapakati, yakwana bwino. Aya yakulu maningi. Ukaika katundu motoka izakhala pansi, tayala izayamba kudya madigadi. Kapena udule madigadi, kapena uyasiye."

Madigadi ndi chitsulo chija chopindika pamwamba pa tayala.

"Nidule? Penti napaka manjemanje? Iyayi, nizaikweza chabe."

Anaikwezadi. Anaika zitsulo zochindikala pa masipuling'i akumbuyo, vaneti n'kutalika ngati mtsikana wavala gogoda. Ine kuti ndikwere mpaka kupondera pa ndowa. Ikamadutsa m'madzi yopanda kanthu anyamata a mu komboni ankaiimbira likhweru, iye chigongono pawindo. Koma tsiku lina anabwera atanyamula mchenga, ndipo polowa pa dzenje la pageti ndinamva kuti gwiii, ngati munthu wapondedwa pamimba. Nditamufunsa anati, "Palibe, amai, mchenga unapaka chabe." Ine za motoka ndidziwapo chiyani? Ndinabwerera ku tomato wanga.

Mvula yomweyo mkamwini wanga anamwalira, mwamuna wa mwana wanga wamkazi. Mwana wangayo amapikula mpunga ndi nyemba ku Nakonde, kutali kumalire a dziko. Matenda anamugwira mwamunayo iye ali m'njira, foni itazima. Pofika anapeza ali kale m'chipatala, salankhulanso, ndipo m'mawa mwake anatisiya. Amake a malemu, asewere anga, anachokera ku Matero. Chilowereni m'nyumba ya maliro sanamupatse moni mwana wanga. Ankalira akuyang'ana kukhoma, mawu akuponya kwa iye: "Mwana wanga wafa ngati alibe mkazi! Wafa yekha, anthu ali ku malonda!"

Tsiku loika, asewere anati thupi liyambe lafika panyumba pake litsanzike. Motoka zina zonse zinakana kulowa m'madzi, zinaima ku tala ndi anthu ambiri a mpingo. Inatsala vaneti ya mwana wanga. Pobwera nalo bokosi kuchokera ku chipatala anali ndi amuna awiri okha kumbuyo, ndipo inafika bwinobwino, anthu n'kumati, "Koma matayala aya, mwamuna anaganiza."

Ponyamuka kupita kumanda ndiye tinadzaza. Bokosi pakati. Kumanja asewere ndi ana awo aakazi. Kumanzere mwana wanga, kumutu kwa mwamuna wake monga mwa mwambo, ine pambali pake, ndipo ine si munthu wochepa thupi, kumbuyo kwathu amayi a kwaya. Otsala ankatsatira pansi, madzi m'maondo. Pakati pawo panali mnansi wanga, mayi wa Chibemba wogulitsa makala, thupi loposa langa. Ife a kum'mawa ndi Abemba pa maliro timatukwanizana, kupakana ufa kumaso, ndicho chimbuya, palibe wokwiya. Kuyambira m'mawa anali akundinena kuti ndikulira mokweza kuti ndipatsidwe tiyi wambiri.

Tinangoyenda pang'ono, vaneti inatsikira m'dzenje loyamba.

Gwiii.

Nyimbo inadukira pakamwa. Kulirako kunachokera pansi pa bokosi, mbali yathu. Wina anati mwina ndi mwala. Tinapita patsogolo, dzenje lina, gwiiii, kotalika kuposa poyamba, mpaka ndinakumva m'mafupa a m'chiuno.

Asewere anamenya denga la vaneti ndi chikhatho. "Imika! Imika motoka!"

Inaima pakati pa madzi. Anthu a m'nyumba zapafupi anatuluka, ena ataimirira pa matumba a mchenga a pakhomo pawo.

"Mwamumva?" anatero asewere. "Akana. Mwana wanga akana kuyenda."

Nonse mukudziwa zimene anthu amanena, kuti maliro akalemera kapena motoka ikavuta, ndiye kuti mwini wake ali ndi mawu, pali wina amene sakumufuna pa ulendo wake. Asewere sanatchule dzina. Anangotembenuka n'kumuyang'ana mwana wanga, ana awo n'kuyang'ananso komweko, kenaka amayi a kwaya amene anali atamugwira phewa anachotsa manja pang'onopang'ono.

"Aseluke," anatero asewere, kutanthauza kuti atsike. "Anamusiya ali moyo, manje afuna kumuperekeza ali mu bokosi? Aseluke tione."

Ndinati, "Asewere, uyu ndi mkazi wake. Dothi loyamba aponye ndani?"

"Nizaponya neka. Nine n'namubala."

Mkulu wa mpingo anayesa kunena za pemphero, koma mawu ake anamira. Kumwamba mtambo unali utada kale cha ku Chibolya, ndipo amuna anayamba kung'ung'udza kuti manda adzaza madzi tikachedwa. Mwana wanga wamkazi anaimirira. Anachotsa dzanja pa bokosi, n'kutsika. Madzi anamufika pa chitenje chake chakuda. Ine ndikanakhala bwanji? Ndinatsika naye.

"Yendetsa," anatero asewere.

Vaneti inayenda. Inalowa m'dzenje, n'kutuluka. Zii. Inalowa lina. Zii, ngakhale kakulira kamodzi.

Mayo, phokoso limene linabuka pamenepo! "Mwaona! Mwaona!" Mayi wina pakhomo pake anagwira pakamwa. Mwana wanga anandinong'oneza kuti, "Amai, kapena ni zoona. Kapena anikwiyira."  Anthu akunene, umapirira. Koma iye mwini anali atayamba kukhulupirira, ndipo ndinaona kuti akatsala m'madzi muno, mwamuna wake n'kuikidwa iye kulibe, adzakhala nacho chinthu chimenechi mpaka naye adzalowe m'bokosi.

Apo m'pamene kulira kuja ndinakukumbukira. Mchenga. Dzenje la pageti.

Ndinathamanga m'madzimo, ine wa maondo owawa, n'kukagwira chitseko cha woyendetsa. Mwana wanga wamwamuna anali atagwira chiwongolero ndi manja onse, thukuta lili kamukamu, maso kutsogolo.

"Iwe," ndinatero chapansipansi, "si kulira kwa mchenga kuja uku?"

Sanandiyang'ane.

"Uja wa matayala anakuuza chiyani pabwalo panga?"

"Amai, osati pano. Bazakamba ati nanyamulira ba mulamu pa motoka yoonongeka. Bazanipaya aba bantu. Tikafika ku tala nizabwerera kumutenga sisi."

"Ukabwerere atakwirira kale? Taona mlongo wako uko."

Anayang'ana pa galasi, koma dzanja silinachoke pa chiwongolero. Asewere anamenyanso denga. "Tiyeni! Muchedwetsa chani?"

Amene anasintha zinthu pa mphindi imeneyo ndi mnansi wanga wa makala. Sindikudziwa ngati anamva zimene tinkanong'onezana, kapena miyendo inangomutopa. Anagwira chitsulo chakumbuyo n'kudzikoka, akufuula, "Malo yapezeka! Imwe ba kum'mawa mudya mbeba, mulibe mphamvu, lekani ise tikhale!" Anadzigwetsa pamalo pathu penipeni, n'kukokeranso mnzake wina. Vaneti inapendekera kumanzere. Amuna akumbuyo anaikankha kuti inyamuke, n'kutsikira m'dzenje lotsatira.

Gwiiii.

"Ah ah!" anatero wa makala uja, akugogoda bokosi ndi chala. "Iwe mwaiche, mwana iwe, na ine unikana? N'nakukwatirapo ine? Olo ni makala yanga yanali yonyowa?"

Ena anaseka mosafuna, n'kudzigwira. Asewere sanaseke. "Akali pafupi mkazi uyo. Amuona. Achoke apite kunyumba!"

Mmodzi wa ana awo anatsika n'kuyamba kumukankha mwana wanga wamkazi pachifuwa kuti abwerere. Pamenepo chitseko chinatseguka. Mwana wanga wamwamuna anatsikira m'madzi, n'kuzungulira kumanzere, n'kugwada pa tayala lakumbuyo, suti yake yobwereka ili m'matope.

"Si ba mulamu," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "Si ba mulamu balira! Ni tayala. Bwerani muone."

Amuna anaunjikana. M'mphepete mwa mano a tayala munali mzere wobiriwira, penti yake ija. Mkombero wa madigadi unali utapalika mpaka chitsulo kuyera, ndipo mkulu wa mpingo ataugwira anachotsa chala msanga, kutentha.

"Matayala yakulu," anatero mwana wanga, mutu uli pansi. "Bananiuza kuti nidule apa, n'nakana. Kukalema mbali iyi, ikhudza. Sisi na amai pamene banaseluka, kunapepuka. Ni ine, si sisi."

Malume wa malemu anamutukwana mawu oti sindingawabwereze, kuti wasewera ndi maliro a eni ake. Mwana wanga anadzuka m'matopemo. Anatsegula kuseri kwa mpando n'kutulutsa sowo ya zitsulo ndi hamala.

Ndamuonapo akudula mageti a anthu akuimba nyimbo. Apa ankadula ngati akudzicheka yekha. Sowo inkalira, penti ikugwa m'madzi tizidutswatizidutswa, mvula n'kuyamba kudontha. Podula sipankafika bwino, ndiye kotsalako anakupinda ndi hamala, kumenya, kumenya, bokosi likunjenjemera pamwamba, asewere atalikumbatira. Chitsulo chinamucheka pachikhatho, anangopukutira pa thalauza. Atamaliza mbali yathu anapita kudulanso mbali ya asewere, osauzidwa ndi munthu.

Kenaka anaimirira n'kunena kuti, "Sisi, kwera."

Palibe anasuntha. Mlongo wakeyo anayang'ana apongozi ake. Asewere anati, "Akalira futi, aseluka, ndipo ku manda sapondako."

"Akalira futi nizaseluka neka," anayankha mwana wanga. Aka kanali koyamba kuwayankha chiyambire maliro.

Anakwera. Ine ndinakwera. Wa makala anati iye satsika, wazolowera kale, ndiye mbali yathu inalemera kuposa poyamba. Ndinaona vaneti ikukhala pansi. Bwanji ngati sanadule mokwanira? Kutsogolo kunali dzenje lija lalikulu la pafupi ndi chigayo, limene chaka chilichonse limameza mawilibala.

Palibe anaimba. Tinkangomva madzi akumenya pansi pa motoka. Mwana wanga anaika chikhatho pa bokosi, maso atatseka, milomo ikuyenda. Mphuno ya vaneti inatsika, ife tonse n'kupendekera kutsogolo, kenaka matayala akumbuyo anagwera m'dzenjemo ndi thupi lonse, mpaka mano anga anagundana.

Zii.

Mano a matayala aja anagwira pansi, vaneti n'kukwera, madzi akutsika m'mbali. Mayi mmodzi wa kwaya anayambitsa nyimbo ndi mawu onjenjemera, enawo n'kulandira.

Asewere sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Mwana anali wawo. Koma kumanda, abusa atanena za dothi, fosholo itatambasulidwa, iwo anabweza manja m'chitenje n'kuyang'ana kumbali. Mwana wanga anatapa dothi lonyowalo, n'kuponya woyamba.

Vaneti ija ilipobe, imanyamula mageti. Podulidwa paja anapalinganiza pambuyo pake, koma mbali yakumanzere hamala inasiya mabala oti penti sibisa. Mlongo wake akabwera ndi mpunga wa ku Nakonde, iye amakamudikirira ku siteshoni, osaitanidwa, n'kukweza matumba onse yekha.