Dzina limene ndinapeka m'chipatala linadzavomera kumbuyo kwanga

Anzanga, ine si munthu woulula za m'nyumba mwanga, ndipo amene amandidziwa kwathu ku Msakambewa angakuuzeni kuti mukandifunsa kumene ndikupita ndimakulozerani kwina. Ndiye mukaona munthu ngati ine wagwira cholembera, dziwani kuti nkhaniyo ndi yoona. Sindinamve kwa munthu, sindinalote, ndinaziona ndi maso angawa masanasana. Maina sinditchula, ngakhale limodzi, ndipo mukamafika kumapeto mudziwa chifukwa chake.

Chinali chaka chotsatira chija tinasankha boma la matipate, nthawi yokumba mtedza. Mwana wanga wamkazi, mayi wa ana atatu amene bambo wawo anapita kumaesiteti a fodya n'kuiwala njira yobwerera, anakwera lole ya matola kupita kuboma ku Dowa ndi thumba lake la mtedza. Misewu yathu ya m'mapiri muno mukuidziwa, kukwera, kukhota, kutsika. Pamtsetse wina mabuleki anakana, loleyo inagubuduka, ena anafera pomwepo, wanga chitsulo chinamupana mwendo wakumanzere. Pamene ine ndimafika kuchipatala pa njinga ya mnansi wanga, n'kuti madokotala ataudula kale mmunsi mwa bondo, iye ali chikomokere, ndipo pa khadi lake malo a dzina anali osalembedwa chifukwa amene anamunyamula sankamudziwa.

Mawa lake m'wodimo munalowa wapolisi ali ndi buku lalikulu, akuyenda bedi ndi bedi kulemba maina a ovulala. Ndisamunamizire, anali mnyamata waulemu, chipewa anachita kuvula. Koma ine chimene ndinaopa ndi bukulo. Inu ana a masiku ano simungamvetse. Nthawi ya chipani chimodzi, malemu amuna anga anawalembapo dzina m'buku lotero pamsika, chifukwa chongodandaula mtengo wa khadi la chipani, ndipo patapita masiku anadzawatenga. Anabwerako patatha miyezi, mano akutsogolo mulibe, ndipo mpaka imfa yawo sananeneko kumene anali. Kuyambira pamenepo ine ndinadziwa chinthu chimodzi, kuti dzina likalowa m'buku la boma mwini wake amalitsatira. Komanso ndani ankadziwa kuti lole ija ndi ya yani? Bwanji ikanakhala ya munthu wamkulu wosafuna mboni?

Ndiye wapolisi atandifunsa kuti mayi, wodwalayu dzina lake ndani, pakamwa panga panangotuluka lina. Dzina loyamba ndinatenga la mnzanga amene tinkaphunzira naye kusukulu ya mishoni, yemwe anamwalira tili atsikana, la bambo ndinatola pa chikwangwani cha golosale imene ndinaidutsa panjira, mudzi ndinatchula wina wa cha ku Malomo kumene azakhali anga anakwatiwako kalekale. Wapolisi analemba, namwino amene anali pambali naye anakopera pa khadi. Ine mumtima ndinati ndamupulumutsa mwana wanga.

Atatsitsimuka ndinamunong'oneza kuti akamva dzina lakutilakuti azivomera. Ndi ululu wonse uja anandiyang'ana n'kundiuza kuti amayi, zimenezo zinatha, tinavota, masiku ano munthu amalankhula. Ine ndinamuyankha kuti amene asintha ndi anthu okhala pamipando, mabuku ndi omwe aja, ndipo akhale chete. Ndi mwana womvera. Miyezi iwiri yathunthu anavomera dzina la eni, ndipo titafika kumudzi khadi lija ndinaliponya pamoto kuti pasapezeke pepala londitsutsa.

Moyo unali wowawa. Mmisiri wa m'mudzi anamusemera ndodo ziwiri, koma ndodo siigwira khasu. Ndinkamuona akukwawa m'mizere, akupalira chogwada, chitenje chili matope okhaokha, ana ake akumuyang'ana. Kuchipatala anali atamuuza kuti kuli miyendo yoikirira, ndipo chinthu chokhacho chimene ankachilakalaka chinali chimenecho, kuti adzaimirire m'munda ngati anzake.

Patatha chaka, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina amene mwamuna wake anathyoka mkono pa ngozi yomweyo anandifunsa ngati ifenso talandira. Ndinati kulandira chiyani? Anadabwa, n'kundifotokozera kuti galimoto iliyonse imalipiridwa inshuwalansi, ndipo ikavulaza munthu lamulo limati apatsidwe chipukuta misozi. Anati kuli bambo wina woyenda ndi chikwama amene ali ndi mndandanda wa maina ochokera mu lipoti la apolisi, amasonkhanitsa ovulala n'kupita nawo kwa loya ku Lilongwe, ndipo iye ndi mwamuna wake akhoma kale malata pa nyumba yawo. Anamaliza ndi kuseka kuti ngati mkono wafolera nyumba, nanga mwendo wathunthu? Ife tinkadziwa kuti ngozi ndi ngozi, mwini galimoto akakhala wachisoni amabwera ndi nkhuku kudzapepesa, basi. Ndinayenda kuchokera kutchalitchi mpaka kunyumba osamva kuti mapazi akuponda pansi.

Bambo wa chikwamayo ankapezeka pa Chezi tsiku la msika, ndipo ndinapita ndekha. Anali wa jekete, wolankhula mofewa, ankandiitana kuti agogo anga, anandigulira ndi chakumwa chimene sindinamwe. Anayendetsa chala pa mndandanda, dzina la mwana wanga panalibe, koma ine ndinaliona lija ndinapeka lili phee pamzere wake. Apa ndi pamene ndimadzifunsa mpaka lero kuti chinandilowa n'chiyani. Ine amene sindinauzepo ngakhale mchemwali wanga kumene ndimasunga mbewu, ndinamuululira mlendo zonse. Anaseka n'kunena kuti agogo, imeneyo si nkhani, timakonza zoposa pamenepo. Kenaka anandifunsa zinthu ziwiri, ngati pali wina amene akudziwa, ndi ngati khadi la kuchipatala tili nalo. Ndinati palibe akudziwa, khadi ndinawotcha. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kundilembera tsiku loti tidzafike kuofesi patatha miyezi itatu, koma ndisauze munthu.

Tsikulo litakwana tinagulitsa mbuzi n'kukwera basi. Ofesiyo inali m'nyumba yosanja, ndipo mwana wanga anakwera masitepe chokhala, chafutambuyo, ine nditanyamula ndodo. M'katimo munali mabenchi, anthu a mabandeji, ena a zipsera kumaso, onse ali chete ngati kuchipatala. Bambo wa chikwama sankaoneka. Ndinakhala pafupi ndi khomo monga ndimachitira kulikonse, maso ali pa aliyense wolowa.

Kenaka mlembi wamkazi anatuluka ndi mafayilo n'kuyamba kuitana. Anaitana awiri, kachitatu anatchula dzina lija, lonse, ndi mudzi womwe. Mwana wanga anatambasula dzanja kuti atenge ndodo. Asanaigwire, kumbuyo kwathu kunamveka mawu a mzimayi akuvomera kuti wawa.

Anzanga, ndinaonapo zoopsa pa moyo wanga, koma tsitsi silinandiimepo ngati tsiku limenelo. Dzina limenelo linabadwira m'kamwa mwanga, mwini wake weniweni wa theka lake ali m'manda, nanga wovomerayu ndani? Ndinacheuka. Anali mzimayi wa msinkhu wa mwana wanga, wowonda, wa mpango wofiirira, akudzuka movutikira ndi ndodo ziwiri. Ndinayang'ana pansi. Mwendo wakumanzere unali wodulidwa mmunsi mwa bondo, pamalo omwewo. Anadutsa pafupi nafe ndodo zikugogoda simenti, ndipo atafika pa ine anaima, anawerama pang'ono n'kundipatsa moni kuti muli bwanji amayi. Amayi! Pomwepo bambo wa chikwama anatulukira m'kakhonde, anamugwira pachigongono kumuthandiza, ndipo anandiyang'ana ngati akuyang'ana khoma.

Apo ndinakuwa kuti dzinalo ndi lathu, mwendo ndi wa mwana wanga, akuba inu. Anthu anadzuka m'mabenchi. Loya mwini wake anatuluka, bambo wodekha wa magalasi, n'kutilowetsa tonse m'chipinda. Mzimayi uja anali ndi kalata ya chidindo yomuchitira umboni kuti ndi wa mudzi uja, anali ndi kalata ya dokotala amene anamuyeza chilema chake. Ife tinali ndi chiyani? Loya anandifunsa mofatsa kuti mayi, mwana wanuyu dzina lake ndani, ndipo ine ndinatchula lenileni, chifukwa pamenepo mutu unali utazungulira. Anayang'ana mu lipoti n'kunena kuti munthu wotere pa lole ija panalibe. Nditafotokoza zonse, anavula magalasi n'kunena kuti ndiye kuti penapake pali bodza, kaya lija la m'chipatala kaya la lero, ndipo njira yabwino n'kuitana apolisi kuti afufuze, mwina anamwino angakumbukire nkhope, ngakhale amene anali pa loleyo angachitire umboni.

Mwana wanga anayankha msangamsanga kuti aitaneni bwana, tidikira. Mzimayi uja ndinamuona akuyang'ana pansi. Lero ndikudziwa kuti tikanapambana. Koma ine ndinangomva liwu limodzi lokha, apolisi. Bambo wa chikwama anasendera kufupi ngati akufuna kundikhazika pampando, n'kundinong'oneza kuti kunamiza boma ndi mlandu waukulu, ndipo nkhalamba ngati ine kundende siikhalitsa. Ndinaona nkhope ya amuna anga tsiku lija anabwerako.

Chimene ndinachita ndikuchilemba ndi manyazi. Ndinauza mwana wanga kuti tiye, iye anakana, anati amayi khalani pansi. Ndinatola ndodo zake zonse ziwiri n'kutuluka nazo, kutsika masitepe osacheuka. Akanatani? Ndinaima pansi ndikumva akutsika chokhala, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina, ndipo palibe amene anatitsatira.

M'basi sanalire. Titayamba kukwera mapiri a kwathu anandifunsa osandiyang'ana kuti amayi, ndiye amene anadulidwa mwendo pa lole ija ndani, ine kapena uja?

Patapita zaka ndinalimba mtima n'kuuza mkulu wa mpingo wina amene anali mphunzitsi. Anatifunsira kwa odziwa malamulo, n'kubwera ndi mawu oti milandu yotere ili ndi nthawi yake, ndipo yathu inadutsa kale. Ndinapitanso ndekha ku Malomo, kumudzi uja, kukafunsa za mzimayi wa mwendo umodzi wa dzina lakutilakuti. Palibe anamudziwa, ngakhale mmodzi. Mwendo woikirira mwana wanga sanaupeze. Nkhaniyi sanaitchulenso, koma kulikonse kumene amufunsa dzina, kaya kusikelo ya adzukulu, kaya kolembetsa feteleza, amalitchula mokweza, lake, la bambo ake ndi mudzi, kawiri, kenaka n'kundiyang'ana.

Ena amene ndinawauza amati uja sanali munthu, amati ndinadzutsa mnzanga wa kusukulu uja potchula dzina lake pachabe. Ine sindikhulupirira zimenezo, ngakhale moni uja umandibwererabe m'makutu. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti bambo uja anayenda miyezi itatu m'misika ndi m'madepoti kufunafuna mmphawi wa chilema chofanana, anamupeza, anamuveka dzina limene ine ndinamuuza kuti lilibe mwini, ndipo mwina mzimayiyo anangopatsidwa ya basi. Sindimuda. Amene ndimamuopa ndi munthu woti akhoza kuyang'ana mwendo wodulidwa n'kuona malonda.

Kukhulupirira anthu sindinayambe ndipo sindikukuuzani kuti muyambe. Koma ngozi ikagwa pakhomo panu, tchulani dzina lenileni la wovulalayo ndipo onetsetsani kuti alilemba bwino. Kapepala kalikonse ka kuchipatala ndi ka apolisi kasungeni m'chitini ngati mbewu. Kwa loya pitani nokha ndi mapazi anu, musadzere mwa munthu wa pamsika, ndipo musachedwe. Wina akakuuzani kuti musauze aliyense, dziwani kuti ameneyo ndiye woyamba kukamuneneza. Ndipo ngati mwana wanu wanena kuti tidikire apolisi, inu makolo khalani pansi, ndodo zake muzisiye pomwe zili.