Maginito M'chikwama cha Mdzukulu Wanga

Uthenga unandipeza Lachinayi masana, ndili pamkeka kuseri kwa nkhokwe, ndikuswa mtedza wambewu. Anaubweretsa ndi mwana wa mlongo wanga, uja amayendetsa thiraki pakati pa Lilongwe ndi Chipata. Galimoto anaisiya pamzere ku boda, iye n'kukwera kabaza kudzandipatsa kalata ya mdzukulu wanga. Zilembo ndimazidziwa, koma ine ndi izo timayenda ngati ng'ombe zangolo, ndiye ndinati awerenge ndi iyeyo. Akuti Loweruka lomwelo mdzukulu wanga adzauluka yekha, yekhayekha, popanda mphunzitsi pambali, kuchoka ku Lilongwe kufika kuno kwa Mlonyeni, adzazungulira pamwamba pa mudzi cha m'ma teni koloko n'kubwerera. Akuti ndi mayeso, akakhoza amenewa chiphaso chayandikira. Kumapeto analemba kuti, chikwama munandisokera chija, agogo, chidzakhala pafupi nane.

Mtedza unamwazika, nkhuku zinadya, ine osazipirikitsa. Ndinaimba nthungululu mpaka amayi ochokera kudimba anatula mitolo kudzafunsa. Ndinavina ndi mawondo anga omwewa, ndikuti mwana wa mwana wanga, uja ndinamubereka kumsana, uja ndinamutafunira chimanga, lero mitambo ndiyo ikumubereka. Dzuwa lisanalowe ndinali nditaitana mudzi wonse.

Mwanayu ndinamulera ndine, mayi ake atatisiya iye asanayambe sukulu. Anaphunzira unamwino, n'kukalowa ntchito kwa dokotala wina wokalamba amene anali ndi kandege kakekake, ka mipando inayi, konyamulira odwala kuchokera kutali. Maso a dokotalayo atayamba kufooka, anafunsa antchito ake kuti ndani ali ndi mtima wophunzira kuwulutsa. Amuna anayang'ana pansi. Wanga anaimika dzanja.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho anabwera kumudzi ndi zipangizo zake kudzandionetsa. Munali mapu opindapinda, munali kathabwa komangirira pantchafu kuti azilembapo ali m'mwamba, munali ndi zomvera za m'makutu, zazikulu ngati zipande ziwiri, zokhala ndi kokhota kolankhulirapo. Anati zimenezo anasankha kwa milungu, chifukwa zina zinkamufinya mutu akaluka tsitsi, zina zinkalowetsa phokoso la injini. Anandiveka. Dziko linati zii. Tambala akulira, ine ndikungomuona kukamwa. Koma chimene chinandiwawa n'chakuti katundu waulemu chonchi anali mu jumbo, jumbo yomweyi timagulira matemba.

Atapita ndinayamba kusoka. Nthawi ija nsalu zazipani zinali mbwee, aliyense ndi nkhope ya wake pachiuno, koma ndinati mlengalenga mulibe chipani, ndinatenga chitenje changa chobiriwira cha ku Chipata. Ndinaika thonje mkati kuti zomvera zisagundike. Ndinasoka matumba atatu. Chinandivuta ndi chotsekera. Mwana anali atanena kuti m'ndege dzanja limodzi silichoka pachiwongolero, ndiye batani la dzanja limodzi ndinaona kuti limuvutitsa. Apo ndinakumbuka maginito amene ndinachotsa mu wailesi yakufa ya malemu amuna anga, amene ndinkatolera singano zikagwa pansi. Ndinawasokerera mkati mwa chivindikiro, mbali inayo ndinasokerera kachitsulo kobowoka ka panjinga. Ukatseka, kumangoti tcha, kokha. Ndinatseka n'kutsegula tsiku lonse, ndikudzitama ndekha. Sindinauze munthu, ndinkafuna adabwe kuti agogo achita bwanji. Chikwama chinapita ku Lilongwe pa thiraki yomwe ija.

Lachisanu, kalata itafika dzulo lake, ndinapita ku Kamwendo kukagula shuga ndi masamba a tiyi za alendo. Chimwemwe chitadzaza tsaya, ndinaima kwa mnyamata wokonza mawailesi kuti andipatse maginito ena, ndisokere ndi dokotala yemwe chikwama chake. Ndinafotokoza zonse mokweza, kuti ndi odutsa omwe amve. Pabenchi panali bambo wina waimvi, amene kale ankayeza malire a minda ikuluikulu ya fodya. Anasiya nyuzi yake.

"Amayi, mwati maginito mwawasokera m'chikwama cholowa nacho m'ndege?"

"Ndasokera, bambo, ndipo misoko yanga simasuka."

Bamboyo anapisa m'jekete natulutsa kanthu konga wotchi, kokhala ndi kasingano kamodzi. Anati dzina lake ndi kampasi, kasinganoko kamaloza kumpoto nthawi zonse, ndipo tindege ting'onoting'ono timakhala ndi yake patsogolo pa woyendetsa, youza munthu kumene akulowera. Anaiika pabenchi. Anatenga maginito pa tebulo la wokonza mawailesi nawayandikiza. Kasingano kaja kanasiya kumpoto, kanatsata maginito ngati mbuzi yaona mchere. Akapita nawo uku, nako uku. Akapita nawo uko, nako uko.

Wokonza mawailesi anati, "Ndiye agogo mwamutumiza mdzukulu ku Mozambiki wopanda pasipoti." Anaseka yekha, kenaka anasiya.

Ndinafunsa bamboyo kuti maginito ayandikire bwanji kuti kampasi iyambe kunama. Anati za m'ndege sadziwa bwino, koma zikakhala pafupi imanama ndithu. Pafupi. Mawu omwe aja a m'kalata. Ndinayang'ana kumwamba. Unali mwezi wa moto wa tchire, utsi uli tolo, mapiri a Mchinji osaoneka n'komwe. Ndinaganiza mwana wanga ali yekha mu utsi umenewo, pansi sakuona, akukhulupirira kasingano kamene agogo ake akanamiza. Uku Zambia, uko Mozambiki, nkhalango zopanda munthu, ndipo mafuta a ndege si madzi a m'chitsime, amatha.

Miyendo inanditengera ku kanyumba koimbira foni. Mdzukulu analibe foni yakeyake, nambala inali pakalata ndi ya kuntchito kwake. Mtsikana wa pamenepo anaimba, inalira, inalira, osayankha. Anaimbanso, chimodzimodzi. Kachitatu anayankha mlonda, nati onse aweruka, n'Lachisanu, ndiyesenso Lolemba. Ndinamupempha, ndinamutchula mwana wanga, ndinamutchula bambo, kuti apeze njira auze namwino wouluka uja kuti chikwama chobiriwira asalowe nacho m'ndege. Anati akaona munthu amuuza, koma mawu ake anali a munthu wosadziwa kolowera. Ndinaima pa siteji ndikuyang'ana minibasi za ku Lilongwe. Nyumba imene mwana anasamukira sindinkaidziwa. Ku bwalo la ndege nkhalamba ya chitenje ndani angaitsegulire geti? Mwana wa mlongo wanga, yekhayo wodziwa njira, anali atawoloka kale boda. Ndinabwerera kumudzi ndi shuga wanga, akulemera ngati mwala wa mphero.

Loweruka anthu anayamba kufika mame asanaume. Amayi anayala zitenje pabwalo la mpira, zofiira, zachikasu, zoyera, kuti mwana akayang'ana pansi adziwe kuti kwawo ndi pano. Abambo anabwera ndi mipando yawo. Ine ndinkagawa tiyi, wina ndinamuthirira shuga kawiri, wina osamuthirira. Achemwali anga aakulu, amene anachokera kwa Dambe dzulo lake, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandikokera kuseri kwa khola.

"Ndamva kuti dzana munavina ngati namwali, lero mukuyenda ngati mwaponda mwala wa maliro. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, za wailesi, za benchi, za kasingano. Anagwira pakamwa. Kenaka anati ndinasoka ndi chikondi, Mulungu amaona mtima.

"Mulungu amaona, achemwali, koma kampasi sidziwa chikondi."

Tinagwada pomwepo, mbuzi zikutiyang'ana, tinapemphera mwachidule, tinabwerera kwa anthu.

Teni koloko inakwana pa wotchi ya aphunzitsi opuma a pamudzi pathu. Makosi onse m'mwamba. Kunadutsa khwangwala. Hafu pasiti teni, kunadutsa kamvuluvulu, kanatenga zitenje ziwiri, ana n'kuzithamangira. Leveni inakwana. Amuna anayamba nthabwala zawo, wina akuti mwina waima pa Kamwendo kudikira ndege idzaze, wina akuti azimayi ndi choncho, akadali pagalasi. Ena ananyamula mipando kubwerera. Ine ndinakhala pansi pafumbi, makutu ndatchera kum'mawa, mumtima ndikuwerenga misoko ija umodziumodzi, ndikuitemberera kulimba kwake. Ndikanasoka mwaulesi, bwenzi maginito atagwa okha panjira. Ndinaganiza za mayi ake, kuti ndikakafika kumene ali ndidzati mwana wako ndinamusokeretsa ndi singano yanga.

Woyamba kumva anali agogo anzanga akhungu a kuseri kwa tchalitchi. Anati pali njuchi ikubwera. Tinakhala chete. Njuchi ija inakula, inakula, kenaka mu utsi munatuluka kanthu koyera, kakang'ono ngati kakowa. Kanafika pamwamba pa zitenje, kanazungulira kamodzi, kanazungulira kawiri, kanapendeketsa phiko uku ndi uku. Bwalo linaphulika. Amene ananyamula mipando anaitaya m'njira. Achemwali anandikumbatira, akuti mwaona, mwaona. Ine nthungululu inathera pakhosi. Kubwera wabwera, mwina watsata msewu ndi njanji, koma kubwerera? Kandege kanatembenuka, utsi unakameza, ndipo ndinayambanso kudikira.

Pamudzi pathu foni inali imodzi, ya aphunzitsi opuma aja, ndipo inkagwira pachulu cha kumunda kwawo pokha. Mdzukulu akafuna kundilankhula ankaimbira pamenepo. Ndinawapempha kuti tikakhale kuchuluko. Anthu anatitsatira osadziwa chifukwa, akuimba, akuvina m'mizere ya chimanga chokolola kale. Aphunzitsi anaima pamwamba, foni ataikweza ngati akuonetsa mwana kwa dzuwa. Ine ndinakhala m'munsi. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Itangolira, ndinakwera chulu chija ndi manja ndi mawondo.

"Agogo, ndatera."

"Iwe mkazi mnzanga, chikwama chija uchitaye. Muli maginito, ndinaika ndine."

Anaseka, anaseka mpaka ndinaganiza kuti foni yawonongeka. Kenaka anandiuza. Sabata yathayo, akuuluka ndi mphunzitsi wake, anaika chikwamacho pamwamba, pafupi ndi kampasi. Kampasi inayamba kunena zina, msewu pansi ukunena zina. Mphunzitsi anachotsa chikwama, kampasi n'kubwerera m'malo. Atatera anachifufuza mpaka anagwira cholimba m'chivindikiro. Wokalipiridwa anali mwana wangayo, chifukwa pamalo pamenepo sipoika kanthu, ngakhale zomvera zomwe. Kuchedwa kwa m'mawa kunali kwa utsi, anamuletsa kunyamuka mpaka kumwamba kutayera pang'ono.

"Ndiye bwanji sunalembe m'kalata, mfiti iwe?"

"Ndinaopa mungadandaule, agogo. Aphunzitsi anga akuti sanaonepo misoko yotere, tinalimbana nayo awiri ndi lezala."

"Nanga lero chinali kuti?"

"Pampando wa aphunzitsi. Ndinachimanga lamba."

Ndinafunsa kuti tsopano chikutsekeka ndi chiyani, anati ndi chingwe cha nsapato. Ndinati chingwe cha nsapato pa chikwama changa ayi, abwere nacho ndidzaike batani lalikulu, lamtengo, lopanda chitsulo ngakhale pang'ono.

Ndinabweza foni kwa eni ake, ndipo pamwamba pa chulu pomwepo nthungululu ija inatuluka yonse, ya Lachisanu ndi ya Loweruka pamodzi. Ndinaimba kuti wapita wabwera, wakwera watsika, mwana wa mwana wanga watera ndi miyendo yake iwiri. Ndinaulula ndi za maginito zomwe, anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ine ndikuseka nawo misozi ikutsika. Tinabwerera kunyumba tikuvina, tinapha atambala atatu ndi bakha.

Amene anabwera kudzakondwera nane ndiwatchule, asadzati ndinawaiwala. Achemwali anga a kwa Dambe, amene anagwada nane kuseri kwa khola. Aphunzitsi opuma ndi akazi awo, ndi foni yawo. Agogo anzanga akhungu, oyamba kumva. Amake mapasa ndi mapasa awo. Alamu anga achigayo, ufa uli m'nsidze. Akulu ampingo awiri, wamtali ndi wamfupi. Amayi ogulitsa zitenje a pa boda, amene zawo ziwiri zinapita ndi kamvuluvulu. Azamba a kutsidya kwa dambo. Asuweni anga osula makasu. Apongozi a malemu mwana wanga, atatsamira ndodo. Anyamata akabaza anayi, amene tsiku limenelo sananyamule munthu. Bambo uja wa nthabwala ya galasi, amene anavina kuposa onse. Ndi mwana wa mlongo wanga, amene anafika dzuwa likufiira, fumbi la ku Chipata lili m'mutu, akufunsa ngati kwatsala ntchafu ya bakha.