Kugogoda Thanki

Ndinapita ku Joni chifukwa chotopa ndi ndowa. Kwathu ku Ntcheu nyumba yathu ili pamtunda, ndipo khosi langa linali litakwana nako kukwera chitunda madzi ali pamutu. Mnzanga wina atandiimbira kuti ku Queenswood, ku Pretoria, kuli banja likufuna wantchito wam'nyumba, sindinafunse kawiri. Ana ndinawasiyira Amayi, ine n'kukwera basi.

Chaka choyamba ndinalira, ndisaname. Ndinkakhala m'kachipinda kakuseri ku Mamelodi, Lamlungu ndikaweruka kutchalitchi n'kumangobwereza mavoisi a ana pafoni. Ndalama ndinkatumiza ndithu, koma kusungulumwa kunalibe wondilandira.

Abwana anga anali mzimayi, injiniya wa zamadzi. Pakompyuta pawo pankakhala mizere yabuluu yoimira mapaipi a m'tawuni, ndi timathanki tomwe madzi ake ankakwera ndi kutsika. Ine popukuta fumbi pamenepo ndinkachedwa dala. Tsiku lina ndinawamva akudandaula kuti pampu ina ilibe "hedi". Ndinaseka mpaka misozi, n'kuwafunsa ngati ku Joni mapampu nawonso amakhala ndi mutu. Anandikhazika pampando n'kundifotokozera kuti hedi ndi mphamvu yokankhira madzi kumtunda. Anandionetsa kuti akaika kapampu kothandizira pakati pa chitunda, kapena akasintha nthawi yopopa, kathanki kapakompyutapo kamadzaza, asanakumbe ngakhale dzenje limodzi. Kuyambira tsiku limenelo nyumba ija inandikoma.

Nditabwerera kwathu ndinapeza mudzi uli ndi pampu ya sola ndi thanki, koma mpopi wakumtunda, womwe Amayi amatungapo, unali gwa, wouma. Akumtunda ankati akumunsi akuba madzi, moti anali atasiya kupatsana moni. A komiti ya madzi, azibambo okhaokha, anali atagwirizana zoutsekeratu mpopi wathuwo.

Ndinawatumizira abwana aja voisi. Anayankha kuti mudzi wathu atha kuuika pakompyuta, bola ndiwauze pamene madzi amalekezera m'thanki m'mawa, masana ndi madzulo. Ndinataya mtima, poti choyezera tinalibe.

Alamu anga a Nachisale, amene amasesa pathankipo, anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

"Alamu, Joni yakuiwalitsani eti? Timagogoda."

Anatola ndodo n'kuyamba kugogoda thanki kuchokera pansi. Pamene panali madzi inkalira mogontha, pamene panalibe inkalira ngati chigubu. Ankadziwa ngakhale zoti Loweruka, tsiku lochapa, madzi safika pakati.

Tinagogoda sabata yathunthu, tikulemba ndi khala pathankipo, ine n'kumajambula n'kutumiza. Yankho litabwera, wakuba panalibe, pampunso inali bwinobwino. Thanki sinkapeza mpata wodzaza, ndiye madzi analibe mphamvu yofikira kumtunda. Abwana aja anati mpopi wakumunsi uzitsekedwa masana dzuwa likamaswa mtengo kuti thanki izidzaza, kapampu kothandizira tidzagule m'tsogolo. A komiti anavomera monyinyirika kuti tiyese masiku atatu basi.

Tsiku lachiwiri mpopi wathu unatsokomola, unalavula dzimbiri, kenako madzi oyera. Amayi analulutira mpaka akumunsi anakwera kudzaona, n'kuyamba kuvina nafe limodzi.

A tcheyamani anaimirira n'kunditamanda kuti ndabwera ndi nzeru za ku Joni.

"Abambo, cha ku Joni ndi kompyuta yokha," ndinawayankha. "Thankiyi a Nachisale akhala akuimva zaka zonsezi, kungoti palibe anawafunsapo."

Pamsonkhano wotsatira a komiti anasendera pabenchi, a Nachisale n'kukhala pakati pawo.