Mashini a Amayi Vainess Akuliranso ku Sinda

Amayi Vainess Sakala, telala wa pamsika wa Sinda, anagona pamphasa nyengo yonse ya dzinja. Khansa inali itawagwira fupa la m'chiuno. Kuchipatala anawapatsa mofini wamadzi. Ululu unachepadi, koma mutu unasokonezeka. Ankasanza, m'mimba munauma gwa, ndipo ankaona nyerere zikuyenda pakhoma pomwe panalibe kanthu. Abale anayamba kunong'onezana za amene adzatenge mashini awo osokera.

Inu amene mukufuna mawu okulimbitsani mtima, tcherani khutu. Ine ndayenda. Ndinayamba ndi kugulitsa mtedza wokazinga pa siteshoni ya Katete, lero malole anga amafika ku Beira ndi ku Dar es Salaam. Ndakumana ndi anthu olimba mtima m'maiko ambiri, ndipo inenso ndine mmodzi wa iwo. Koma pamaso pa amayi awa ndimavula chipewa.

Amene ankawanyamula pa njinga yamoto kupita kuchipatala anali mkamwini wawo, Fredrick. Munthu wabwino zedi. Ankalowa nawo m'chipinda cha dokotala kuti mwina angafunike kumasulira Chingerezi.

"Mukumva bwanji, amayi?" dokotala ankafunsa.

Amayi ankayang'ana pansi. Mayi wa kwathu kuno anganene bwanji pamaso pa mkamwini kuti kuchimbudzi kukukanika?

"Ndili bwino, adokotala."

Dokotala n'kulembanso mankhwala omwewo, mlingo womwewo.

Tsiku lina nesi wina, Juliet, anawapeza akusanza kuseri kwa chipatala. Atalowa kwa dokotala, Juliet anayang'ana Fredrick.

"Achimwene, kaoneni njinga yanu, pano pali akuba." Chitseko chitatsekeka anati, "Amama, apongozi atuluka. Tiuzeni zoona."

Amayi Vainess anatulutsa zonse, misozi ili chuchuchu. "Ine ndikufuna kusoka," anamaliza motero. "Ululu uchepe, koma mutu ukhale wanga."

Dokotala anati angathe kuyesa kuwachotsa pa mofini n'kuwaika pa mankhwala ena a mtundu womwewo. "Koma ndisakunamizeni. Kafukufuku wa kusintha kumeneku ndi wochepa mphamvu. Zambiri zimene zinalembedwa ndi nkhani za odwala ochepa, popanda kuwayerekeza ndi ena amene sanasinthe. Komanso anthu amakonda kulemba zimene zayenda bwino. Ena amathandizika, ena ayi."

Amayi analoza buku lalikulu la zamankhwala limene linali pa tebulo la dokotala. "Nanga chibuku chanu chachikulucho chikuti chiyani?"

"Chimatiuza poyambira. Tiyamba ndi mlingo wotsika, kuopa ngozi. Zotsalazo mudzatiuza ndinu."

Amayi anaganiza pang'ono. "Ndiye kuti ndi diresi. Tepi imanena zake, koma munthu ayambe wavala."

"Mwamva bwino, amayi."

Musaganize kuti zinangoyenda myaa. Mankhwala atsopano aja anachotsa nyerere pakhoma, koma ululu unabwerera ngati moto. Amayi ankaluma chitenje kuti adzukulu asamve kubuula kwawo. Mnansi wina anawauza kuti azimwa kawiri mlingo umene anapatsidwa. Anakana. Wina anati achipatala akungowayeserera ngati nkhuku, ndi bwino angosiya. Fredrick nayenso anagwada pakhomo, chipewa m'manja.

"Apongozi, bwererani pa mofini uja. Paja munkagonako."

"Kugona ndidzagona kumanda. Lizani njinga, apongozi. Koma tikafika, inu panja."

Anapita. Anafotokoza malo amene pakupweteka, nthawi imene ululu umayamba, ndi zimene zimachitika akadya. Dokotala anakweza mlingo pang'ono. Tulo tinachuluka. Anapitanso, msewu uli matope, chiuno chikubaya pa bampu iliyonse. Dokotala anatsitsa pang'ono, n'kusintha nthawi yomwera. Mankhwala atasowa, anadikira kuti abwere kuchokera ku Lusaka, akuthandizidwa ndi mankhwala ena amene analipo, n'kuyambiranso. Mayi amene kale ankangoti "ndili bwino" tsopano ankalankhula mpaka dokotala kutopa dzanja.

Pofika nthawi yokolola mtedza, mlingo unakhala. Amayi Vainess anatuma Fredrick kuti anyamule mashini kupita nawo kumsika. Amayi anawathira mafuta, n'kuika phazi pa chopondera. Azimayi ogulitsa tomato atamva kulira kwake anasiya malonda awo, nthungululu lululu mpaka kumsewu waukulu!

Khansa sinathe, ndipo amayi sabisa zimenezi. Koma chaka chino asoka mayunifolomu a amayi a mpingo wawo, ndipo akuphunzitsa atsikana ntchito. Akapita kuchipatala amayenda pa mzere wa odwala akunong'oneza amayi anzawo kuti, "Mwabwera ndi ndani? Mkamwini? Atsale panja."

Ine ndavalapo malaya a ku Dubai ndi a ku Johannesburg, koma amene ndinavala pa mwambo wa Kulamba anasoka ndi Amayi Vainess. Pondiyesa anandizunguliza tepi m'mimba, n'kupukusa mutu.

"Bwana, nsalu iyi siikwana. Mimba yakula kuposa malole anu."

Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa ameneyo anali munthu amene mutu wake wabwerera.

Inu amene mukuvutika lero, mwina palibe buku limene lili ndi yankho lanu lonse. Akatswiri oona mtima adzakuuzani pamene nzeru zawo zalekezera. Musathawe mukamva zimenezo, ndipo musadzipangire mlingo nokha kunyumba. Bwererani, tsegulani pakamwa, nenani pamene pakupweteka. Zikakanika koyamba, lizaninso njinga. Osataya mtima, m'bale wanga, ntchito ya manja ako ikukudikira.