Tsiku limene ndinakhalira mbalule

Ndinagwira uforomani pa famu ya fodya kufupi ndi Concession, kumpoto kwa Harare, mpaka mawondo atakana. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4 kwathu ku Dedza. Ndinkadziwa fodya, ndinkadziwanso mbalule, ng'oma imene imatsogolera zinzake pa gule. Koma chimene anthu ankandidziwa nacho ndi mawu anga. Ndikati mawa, anali mawa.

M'nyumba ya bwana munali piyano yakale. Adona, akazi a bwanayo, ankati inabwera ndi agogo awo pa sitima ya pamadzi, kenaka pa ngolo ya ng'ombe. Palibe ankaiimba. Ntchito yake inali kusenza maluwa ndi zithunzi.

Zaka zingapo dziko la kumeneko litalandira ufulu, kunabwera mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, mayi wochepa thupi, wa imvi mbuu. Ankayenda m'maiko kufunafuna mapiyano akale ngati imeneyi kuti aziwaimba. Anabwera ndi mmisiri wa ku Harare wokunga mawaya. Ine ndi anyamata anga a ntchito tinanyamula piyanoyo kupita nayo ku shedi yosankhiramo fodya, poti fodya anali atapita ku okishoni, malo ali mbee. Mayiyo anatsegula nandionetsa m'kati. Chitsulo chachikulu chogwira mawaya munalibe, matabwa okhaokha. Tinyundo tomenya mawayawo tinali tokutidwa ndi chikopa. Ndinakhudza ndi chala. Amene anakuta chikopacho sanali munthu wamasewera.

"Nyimbo zanga anazipeka kale, pamene mapiyano onse anali ngati iyi," anatero m'Chingerezi chapang'onopang'ono kuti ndimve. "Atsopanowa amakuwa. Iyi imayankhula."

Adona anandiitana padera. "Foromani, Loweruka masana kubwera alendo a m'mafamu onse kudzamvera mayiwa akuimba. Piyanoyi mawu ake ndi ochepa. Ndikufuna famu yonse ikhale chete mpaka mayiwa amalize."

"Kudzakhala chete," ndinatero.

Loweruka lomwelo linali la chiliza cha apongozi anga aamuna. Mowa unali utafululidwa, abale a ku mafamu a ku Centenary atauzidwa. Ndinali nditalonjeza alamu anga, achimwene awo a akazi anga, kuti mbalule ndidzaimba ine. Mowa sudikira, umasasa. Ndege ya mlendoyo nayo sinkadikira. Ndipo bwalo la pa komboni linali pafupi ndi shedi, moti mwana akalira kuno, uko amamva.

Ndinakawapeza alamu akuthira mafuta m'thirakitala.

"Alamu, gule adzayambe dzuwa likapendeka."

"Chifukwa?"

"Piyano."

"Kodi ikudwala?"

"Mawu ake ndi ochepa."

"Aiwa, tsano!" Akapsa mtima ankathira Chishona, mlamu n'kusanduka tsano. "Bambo anga adikire bokosi la chifuwa? Mukachedwa tiyamba tokha. Manja si anu okha pa komboni pano."

Manja analipo ndithu. Koma mbalule pa komboni yonse inali imodzi, yanga, yopachika kudenga la nyumba yanga. Popanda iyo ng'oma zinazo ndi ng'ombe zopanda mbusa.

Akazi anga anangoti, "Abambo, mapanga awiri avumbwitsa."

"Sindivumbwa," ndinatero.

Loweruka ndinaimitsa chigayo ndi injini yopopa madzi. Agalu a bwana ndinawatsekera kutali, ku khola la ng'ombe. Kenaka ndinavala jekete langa la kutchalitchi, ndinatsitsa mbalule, ndinaikulunga m'chiguduli, ulendo wa ku shedi. Ndinaigoneka pakhomo, chikopa chikuyang'ana kukhoma, ndi kukhalapo.

Bwana anadutsa, nayang'ana. "Mpando wanji umenewo, foromani?"

"Wanga, bwana."

Alendo anakhala pa mabenchi a osankha fodya, azimayi akudzikupiza ndi zipewa. Famu inati zii. Zaka zonse ndinagwira pamenepo sindinamvepo bata lotere. Malata ankathetheka ndi dzuwa. Njiwa zinkamveka ku mabulugamu. Fungo la fodya linali likadali m'makoma.

Mayi uja anakhala pansi, nayamba.

Ndinkayembekeza phokoso longa la pa wailesi. Ayi. Mawu apansi anali ouma bwino ngati a ng'oma yowamba kumene, lililonse lomveka palokha. Apamwamba ankagwa ngati madontho mu mtsuko. Nyimbo ina inali yothamanga, zala sizinkaoneka, matabwa akunjenjemera mpaka ndinaopa kuti aphwasuka. Ina inali yodekha. Ndi imeneyo inandigwira. Dzanja lamanzere linkayenda mosasintha, ngati mpanje, ng'oma yogwira mayendedwe. Lamanja linkatsalira, kuzengereza, mtima wanga n'kuti lasochera, kenaka n'kulipeza linzakelo pamalo pake penipeni. Ntchito ya mbalule ndi imeneyo. Ndinaseka ndekha, ine wosaseka pa ntchito.

Nthawi yomweyo chithunzithunzi chinagwa pakhomo. Alamu. Kumbuyo kwawo amuna a ng'oma, alendo a ku Centenary, azimayi ndi ana kumbuyo. Anali atafufuza nyumba yanga yonse.

Ndinakweza chala chimodzi. Anaima.

Alamu anagwada pambali panga, akunong'ona. "Tsano, dzukani."

"Dikirani."

"Mwakhalira bambo anga."

"Bambo anu ankadziwa kudikira. Malobolo anga anawadikira."

Anafuna kuyankha, koma nyimbo inawalowa m'khutu. Anapendeketsa mutu. Khanda lina linayamba kudandaula, mayi wake analitseka pakamwa ndi bere. Anthu anadzaza m'mawindo, osatsokomola ndi mmodzi yemwe.

"Dzanja lamanjalo likuchedwa," alamu ananong'ona.

"Likuchita dala."

"Ngati mwini wake wa chigudulichi."

Mayiyo atamaliza, azungu anaomba m'manja. Mng'ono wawo wa akazi anga analephera kudzigwira, anaimba nthungululu pawindo. Mitu yonse inatembenuka. Mayi wa imvi uja anaona nkhope zodzaza mawindo, naseka mpaka kugwira pamtima, nawerama kwa ife monga anaweramira kwa alendo. Alendowo anapempha ina. Mayiyo anakhalanso pansi.

"Akawonjezanso ikatha iyi," alamu anatero, "ndikunyamulani ndi ng'oma yomwe."

Inali yaifupi. Anatseka piyano. Adona anandiyang'ana, nagwedeza mutu.

Ndinadzuka mwendo utachita dzanzi. Ndinathamanga chotsimphina, ng'oma paphewa, jekete likadali m'thupi, komboni yonse pambuyo panga ikuseka. Pabwalo tinasonkha moto wa mapesi. Mbalule inali itazizira ndi simenti, ndinaiwamba mpaka inayankha. Dzuwa linali likadali pamwamba pa mabulugamu.

Tsiku limenelo ndinaimba. Ndinkatsalira dala, mpanje n'kumapita, azimayi n'kukweza nyimbo, ine n'kugwera pamalo pake fumbi lili koboo. Gule anavina mpaka mapazi kukana. Magalimoto ena a alendo anaima pamsewu, mawindo otsegula. Ena anapitirira. Zimenezo sizinali zanga.

Dzuwa litafiira, alamu anandibweretsera chipanda cha mowa ndi manja awo.

"Bambo alandira," anatero. "Koma ng'oma ya lero, tsano, imanunkha thalauza."

Ndinamwa kaye. Mowa unali usanasase.

"Inalira kapena sinalire?"

"Inalira."

"Ndiye thirani wina."