Makatalogi a Malume

Malume anga anali okonza mawotchi. Kashopu kawo kanali pakati pa telala ndi wometa, kopanikiza moti kasitomala wonenepa ankangoima pakhomo n'kumalankhulira pomwepo. Koma mumsewumo anthu sankawatchula ndi ntchito yawoyo. Onse ankangoti a Katalogi.

Dzinali linabwera chifukwa cha mabuku omwe ankatolera. Anthu ogulitsa makobidi akale, komanso ochititsa okushoni, amasindikiza mabuku a zithunzi osonyeza kobidi lililonse kumaso ndi kumbuyo, chaka chake, kulemera kwake ndi manja omwe ladutsamo. Amenewo ndiwo makatalogi. Malume anawayamba akadali mnyamata, kasitomala wina atasiya imodzi pakauntala. Kuchokera pamenepo ankalembera ogulitsa akutali kupempha zotsala, n'kumasinthana ndi anzawo. Ena ankawapeza kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu.

Chodabwitsa n'chakuti makobidi enieniwo analibe nawo chidwi. Omwe anali nawo sankadzaza ngakhale kachitini ka polishi.

"Nanga mabuku onsewa n'ngachiyani, malume, katunduyo mulibe?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Kobidi ukaligwira sungadziwe kanthu, mwanawe," anatero. "Buku ili limandiuza amene analisunga, amene anamwalira ana ake n'kugulitsa, amene analilira koma osalipeza. Ine ndimafuna anthuwo."

Makatalogi abwino kwambiri ankakhala kunyumba, pabalaza, m'kabati yamatabwa ya chitseko chagalasi yomwe inatsamira khoma. Kiyi wake ankayenda naye m'thumba la malaya. Akazi awo, omwe ife timangowatcha anti, ankaloledwa kupukuta galasi kunja kokha. Maso a malume atayamba kuchita nkhungu, anasiyiratu kutsekula kabatiyo. Ankangoima patsogolo pake manja ali kumbuyo, n'kumatchula buku lililonse poona mtundu wa msana wake.

Maso atafika poipa, anaganiza zopereka chuma chawocho kunyumba yosungirako zinthu zakale. Mayi woyang'anira mabuku kumeneko anavomera kudzaona. Tsikulo malume anavala jekete, anti anayala nsalu yatsopano patebulo, ine ndinapempha kuntchito kuti ndidzathandize kunyamula. Telala ndi wometa nawonso anatseka mashopu awo, ati akaone ndi maso zomwe akhala akumva zaka zonsezi.

Malume anapotokola kiyi. Chitseko chinakanirira pang'ono, kenako chinatseguka, ndipo m'chipindamo munamveka fungo la dothi lonyowa.

"Tiyambe ndi iyi, mayi," anatero akutambasula dzanja. "Imeneyi ndinaisaka mpaka nsapato kutha."

Anakoka. Chomwe chinabwera m'dzanja lawo ndi msana wa buku wokha, kachikopa kopyapyala. Kumbuyo kwake kunalibe mapepala. Kunali dothi lofiira, louma gwa, lodzaza timayenje, ndipo m'timayenjemo munali yakaliyakali chiswe.

"Mayo ine!" anakuwa anti, thireyi ya makapu n'kugwa pansi.

Malume sanaone bwino. Anasisita kachikopako ndi chala, n'kukoka buku lachiwiri. Chimodzimodzi. Lachitatu linangofumbutuka. Atagwira shelefu yapakati, yonse inatitimira, misana ya mabuku n'kukhuthukira pa nsapato zawo ngati masamba ouma. Chiswe chinali chitatulukira m'khoma, n'kuboola thabwa lakumbuyo, n'kudya kuchokera mkati. Chinangosiya mbali yoyang'ana kugalasi.

"Chikuchitika n'chiyani?" anafunsa malume. "Mwanawe, tandiuza. Ndikugwira chiyani apa?"

Wometa, munthu wosatha mawu, anavula chipewa n'kukhala pansi osapatsidwa mpando. Mayi wa mabuku uja anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ndi chiswe, bambo," anti ndiwo anayankha. "Chadya zonse."

"Zonse?"

"Zonse, bambo."

Malume anapisa mkono mpaka m'chigongono, akufufuza m'dothimo. Anatulutsa kachidutswa ka pepala kokhala ngati chikhadabo, pomwe panatsala theka la nkhope ya mfumu ina yovala chisoti. Anakayandikiza kudiso, n'kukaika m'thumba. Sanalire. Anangoti, "Pepani mayi, takuvutitsani ulendo," n'kulowa kuchipinda jekete ili m'thupi.

Masiku otsatira sanapite kushopu, ndipo chakudya ankangochilawa. Kabati tinaitulutsa ndi telala n'kuitentha kuseri kwa nyumba, malume atatseka zenera.

Ndiye tsiku lina masana anti anandikokera kukhitchini, akunong'ona. Anatsekula dirowa la pansi, momwe amasungamo nsalu za patebulo. Munali makatalogi angapo, ena opindika ngodya, ina ili ndi chizindikiro cha kapu pachikuto.

"Awa ankabwera papositi maso a malume ako atayamba kale kuvuta," anatero. "Ndinkaopa kuti akaona envulopu adzawawidwa mtima poti sangawerenge. Ndiye ndinkangobisa. Kaya ndiwapatse, kaya andikalipira?"

Tinawapatsa. Malume anawagwira imodziimodzi, akununkhiza mapepala.

"Mayi, zaka zonsezi ine ndimati anthu aja anandiiwala," anatero. Anti anangoyang'ana pansi.

Kenako malume anandiponyera imodzi pamiyendo.

"Tsekula tsamba loyamba. Uwerenge zonse, ndi tizilembo tating'onoto. Usadumphe."

Ndinawerenga movutikira, mayina achilendo akundipota lilime, iwo akundikonza uku atatsinzina. Titafika pa kobidi lina lasiliva anadzuka pampando.

"Limenelo ndikulidziwa! Linali la dokotala wina wa mano. Ndiye kuti naye anapita, eti?"

Mawa lake anatsekula shopu. Mawotchi sankathanso kukonza, koma ankalandira n'kumatumiza kwa mnzawo wa kumsika. Makatalogi aja anawaika poyera pakauntala, ndipo aliyense wobwera ndi wotchi yakufa ankayamba wawawerengera tsamba limodzi asanamve mtengo.